Mmene mungakonzere ndi kuchuna makina akale a tepi ya mawilo awiri

Makina ojambulira mawu pa tepi ya mawilo awiri akakhala zaka 30 kapena 40 ali phee, pafupifupi onse amadzuka ndi matenda ofanana. Mawilo azungulira mwaulesi, mwina osazungulira n'komwe. Woimba amveka ngati wafunditsidwa bulangete. Piyano injenjemera. Tepi ilira tswii podutsa, n'kusiya zonyansa zofiirira paliponse pomwe yakhudza. Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira screwdriver n'kuyamba kupotokola ma screw a mahedi, tizitsulo tomwe timafufuta, kujambula ndi kuwerenga mawu pa tepi, ndipo makina omwe anangofuna kusambitsidwa amathera pomwepo.

Matenda ambiri a makinawa ndi litsiro, labala wokalamba ndi girizi wouma. Ma screw a mahedi ndi timabatani tochunira ta m'kati timabwera kumapeto, ndipo nthawi zambiri simufika n'komwe kumeneko. Tsatirani ndondomekoyi mmene yalembedwera, chifukwa gawo lililonse likudalira lomwe lapita. Zimene zili pano zikukhudza makina a tepi ya mulifupi wa mamilimita 6.35, monga Revox A77 ndi B77, Akai 4000DS, Sony TC-377 ndi TEAC A-3340.

## Zida zofunika

Zotsukira ndi zothira:

- Sipiriti wa isopropyl wa 99 peresenti. Wa 70 peresenti ali ndi madzi ambiri, ndipo wina amakhala ndi mafuta onunkhiritsa omwe amatsalira pa hedi.
- Timitengo ta thonje tambiri ndithu, ndi nsalu yosathothoka ulusi.
- Madzi ofunda okhala ndi kadontho ka sopo wamadzi, otsukira labala.
- Oyilo wopepuka, ngati wothira m'makina osokera, ndi girizi woyera wa lithium.
- Mankhwala opopera otsukira maswichi a zamagetsi.

Zomasulira ndi zoyezera:

- Ma screwdriver opanda maginito, ndi kena ka pulasitiki kochunira m'kati. Makina a ku Japan ali ndi ma screw a mtundu wa JIS, omwe amafanana ndi Phillips koma amaperepeseka mukawakakamiza ndi Phillips.
- Multimeter, chida choyezera magetsi.
- Sikelo ya sipuling'i yofika makilogalamu 2, ndi chingwe chopyapyala.
- Demagnetizer, chida chochotsera maginito otsalira m'zitsulo.
- Tepi yachabe yomwe simungaidandaule, ndi tepi yatsopano ya mtundu womwe muzijambulirapo.
- Tepi yoyezera, yojambulidwa kale ndi mawu a milingo yodziwika, monga zopangidwa ndi kampani ya MRL. Oscilloscope, chida choonetsa mawu ngati mzere pa galasi, kapena kompyuta yokhala ndi pulogalamu yotulutsa ndi kuyeza mawu. Izi zikufunika kuyambira pa gawo 13 pokha.

Choposa zonsezi ndi buku la okonza la makina anu enieniwo. Osati la eni makina lophunzitsa kukanikiza mabatani, koma lija losonyeza mawaya ndi manambala oyezera. Ambiri mwa mabukuwa akupezeka pa intaneti. Manambala a mabuleki, a mphamvu ya pinch roller (gudumu la labala lopanikiza tepi) ndi malo ochunira amasiyana makina ndi makina, ndipo nambala ya makina ena ingakusocheretseni.

## Musanayatse

1. Onani magetsi omwe makinawo amafuna. Kumbuyo kapena pansi pamakhala chosankhira mavoti, 110 mpaka 120 kapena 220 mpaka 240. Chiikeni pa mavoti a magetsi anu, ndipo onetsetsani kuti fyuzi ndi ya mlingo wolembedwa pambali pake. Palinso nkhani yomwe ambiri amaiwala, ya 50 Hz ndi 60 Hz, maulendo omwe magetsi a pakhoma amasinthasintha pa sekondi. Makina omwe mota yake imatengera liwiro ku magetsi a pakhoma, akakhala opangidwira 60 Hz n'kulumikizidwa ku 50 Hz, amayenda pang'onopang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Tepi yoyenera kuyenda masentimita 19 pa sekondi iziyenda pafupifupi 16, ndipo mungathere masiku mukufunafuna vuto lomwe kulibe. Makina ambiri a ku Japan ali ndi swichi yake m'kati, pamodzi ndi njira ziwiri za lamba pa kawilo ka mota. Sinthani zonse ziwiri. Revox A77 ilibe vutoli chifukwa liwiro la capstan yake, kamtengo kachitsulo kozungulira komwe kamakoka tepi, limawongoleredwa ndi zamagetsi za m'kati.

2. Zulani pulagi, tsegulani, jambulani zithunzi. Jambulani ndi foni musanachotse kalikonse: njira ya malamba, pomwe sipuling'i iliyonse yakola, mtundu wa waya uliwonse pa pulagi yake. Ma screw aikeni m'timagulu molingana ndi komwe achokera. Chotsani fumbi ndi burashi yofewa.

Chenjezo: ma capacitor akuluakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi yazulidwa. M'makina a mavalavu, machubu agalasi okuzira mawu, magetsiwo amafika mavoti mahandiredi angapo ndipo angaphe munthu. Yezani ndi multimeter musanalowetse dzanja. Ngati simunagwirepo magetsi otere, gawo limeneli mupatseni wodziwa.

3. Yang'anani ndi maso, nunkhizani. Funani capacitor yotupa, yodontha kapena yong'aluka, resistor yopserera, ndi waya wodyeka. M'makina ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Revox A77 ndi B77, muli ma capacitor a pepala okutidwa ndi pulasitiki yachikasu yoonekera, omwe akakalamba amachita ming'alu, n'kumwa chinyezi, tsiku lina n'kuphulika ndi utsi wonunkha. Ine ndimawasintha onse ndisanayatse, ngakhale akuoneka abwino. Ikani atsopano a mtundu wa X2 pomwe panali a mtundu umenewo. Ma capacitor a ma mota nawo amafooka, ndipo chizindikiro chake ndi mota yotentha msanga kapena yolephera kubweza tepi mpaka kumapeto.

4. Yatsani koyamba kudzera m'babu. Lumikizani babu lakale la kawaya koyaka, la mawati 60 mpaka 100, motsatizana ndi makinawo, kuti magetsi ayambe adutsa m'babu asanafike ku makina. Likawala pang'ono kenako n'kuzilala, zili bwino. Likawala mbee osazilala, pali mawaya ogundana penapake, thimitsani msanga. Babu la LED siligwira ntchito imeneyi. Musaikemo tepi pa nthawiyi.

## Kutsuka njira ya tepi

Apa ndi pomwe pagona ntchito yaikulu, ndipo ndi pomwe anthu amathamangapo.

5. Tsukani mahedi. Chotsani chivindikiro cha mahedi. Pa makina a mahedi atatu, kuchokera kumanzere, yoyamba ndi yofufutira, yachiwiri yojambulira, yachitatu yomvetsera. Nyowetsani thonje ndi sipiriti, koma lisachite kudontha, ndipo pukutani nkhope ya hedi motsatira mmene tepi imayendera, kumanzere ndi kumanja. Thonje likada, tayani mutenge lina. Pitirizani mpaka thonje lizituluka loyera. Pa makina okhalitsa mungathe timitengo 20 kapena kuposa, ndipo si zachilendo.

Chifukwa chake cholimbikira chotere n'chakuti tepi ikangotalikira hedi pang'ono pokha, mawu okwera amasowa. Pa liwiro la masentimita 19 pa sekondi, litsiro lochindikala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita limadya pafupifupi 3 dB ya mawu a 10 kHz (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu, kHz ndi wa kukwera kwake). Diso silingaone litsiro lotere, koma khutu limamva ndithu kuti nyimbo yafunda bulangete.

Chenjezo: musapale hedi ndi chitsulo, singano kapena msasa. Litsiro likakanika, gonekanipo thonje lonyowa kwa mphindi imodzi kuti lifewe, kenako pukutani. Musalole sipiriti kudonthera pa galasi la mamita kapena pa zolemba za pankhope pa makina, amazifufuta.

6. Tsukani zitsulo zonse zomwe tepi imakhudza. Timizati totsogolera tepi, timikono togwedera ta m'mbali, tizitsulo tonyamula tepi pobweza, ndi capstan. Litsiro limabisala m'ngodya za timizati, pamwamba ndi pansi pomwe m'mphepete mwa tepi mumadutsa. Pamenepo gwiritsani chingwe cha thonje chonyowa, muchikoke uku ndi uku. Capstan itsukeni ikuzungulira, makina mutawaimika kapena kuwapendeketsa kuti sipiriti asatsikire mu bearing n'kukasungunula oyilo. Mzere wofiirira wozungulira capstan uyenera kuchokeratu.

7. Samalani pinch roller. Ili ndi gudumu la labala lomwe limapanikiza tepi ku capstan. Litsukeni ndi madzi a sopo aja, osati sipiriti, chifukwa sipiriti wa nthawi ndi nthawi amaumitsa labala. Likauma, likanikizeni ndi chikhadabo. Labala wamoyo amalowa pang'ono n'kubwerera. Akakhala gwa ngati pulasitiki, wonyezimira, wong'aluka, womata, kapena ali ndi dzenje pomwe anakhala atatsamira capstan zaka zambiri, palibe mankhwala omwe angamudzutse. Gulani gudumu lina kapena litumizeni kwa omwe amaveka labala watsopano. Gudumu lotha ndiye gwero la kunjenjemera kwa mawu, ndipo limakwezanso tepi m'mwamba kapena kuitsitsa mpaka kuitafuna.

8. Onani kutha kwa mahedi. Walitsani tochi chammbali. Tepi ikadutsa zaka zambiri imakumba kanjira pankhope pa hedi. Yendetsani chikhadabo mofatsa kuchokera pamwamba kutsika. Chikakola pa mzere, hediyo yadyeka. Kanjira kosaya kamatha kupalidwa ndi akatswiri okhala ndi zida zake, koma mukaona kampata kakuda pakati pa hedi katatseguka, hediyo yatha. Onaninso maonekedwe a podyekapo: pakakhala pofanana m'mwamba ndi m'munsi, hedi inaima bwino. Pakakula mbali imodzi, inapendekeka. Mahedi a GX a Akai, okutidwa ndi galasi, sachita kanjira kawirikawiri, koma yang'anani ngati sanabenthuke. Makina okhala ndi timapilo tofewa topanikiza tepi ku hedi, onani ngati tonse tilipo ndipo sitinaume ndi litsiro.

## Malamba, girizi ndi oyilo

9. Sinthani malamba, chotsani girizi wakale. Lamba wokalamba amatalika n'kumaterera, kapena amasungunuka n'kusanduka phala lakuda lomata ngati phula. Valani magolovesi, phulalo likakhudza chovala silichoka. Lichotseni ndi sipiriti m'timigula tonse ta mawilo mpaka chitsulo chiwale. Lamba watsopano akhale wa muyeso wa makina amenewo. Wothina kwambiri amadya bearing ya mota, wopyapyala kapena wochindikala mosiyana amasintha liwiro. Makina a mota imodzi ali ndi timagudumu ta labala topatsirana mphamvu, ndipo timafuna chisamaliro chofanana ndi cha pinch roller. Makina a ma mota atatu ali ndi malamba ochepa, ena ali ndi wa kauntala yowerengera tepi yekha.

Girizi wa zaka 40 amauma ngati guluu. Mkono wa pinch roller ukamachedwa kufika pa capstan, kapena batani likamabwerera mwaulesi, wapalamula ndi iyeyo. Masulani mkonowo, tsukani wakale yense, pakani watsopano pang'ono chabe. Kupaka watsopano pamwamba pa wakale sikuthandiza. Oyilo ndi wa ma bearing a mota ndi a capstan, dontho limodzi kapena awiri pomwe buku lanena. Mukatha pukutani capstan ndi sipiriti kawiri.

Chenjezo: mafuta opopera omasulira dzimbiri asayandikire makinawa. Amauluka n'kukagwera pa mabuleki, pa labala ndi pa tepi.

Mukadali m'katimo, poperani mankhwala otsukira m'maswichi ndi m'zokwezera mawu, kenako ziyendetseni uku ndi uku maulendo 30 kapena kuposa. Makina ambiri a ku Japan ali ndi swichi yaitali yosinthira kujambula ndi kumvetsera. Ikada, mbali imodzi imasowa mawu kapena makina amalira okha, ndipo munthu amaganiza kuti transistor yapsa.

## Kuchotsa maginito otsalira

10. Gwiritsani demagnetizer mofatsa. Mahedi ndi zitsulo za m'njira ya tepi zimagwira maginito pang'onopang'ono. Maginitowo amawonjezera phokoso la sii, ndipo amafufuta mawu okwera pa tepi iliyonse yomwe yadutsa. Zofufutikazo sizibwerera.

Thimitsani makina ndi kuzula pulagi. Matepi onse akhale kutali, mamita awiri kapena kuposa. Nsonga ya chidacho ikhale yokutidwa ndi pulasitiki kuti isakande hedi. Chiyatseni muli pa mtunda wa mita imodzi kuchokera pa makina, chibweretseni pang'onopang'ono, chiyendetseni m'mwamba ndi m'munsi pafupi ndi nkhope ya hedi, kenako pitani pa ina, pa timizati ndi pa capstan, osadzidzimutsa dzanja. Mukatha chibwezeni pang'onopang'ono mpaka mita imodzi ija musanachithimitse.

Chenjezo: chikathima chili pafupi ndi hedi, chimasiya maginito ambiri kuposa omwe analipo. Zikatero yambiraninso. Musachifikitse pa mamita a singano, ali ndi maginito awoawo omwe akufunika. Ndipo makina akakhala oyaka, mphamvu ya chidacho imalowa m'zokuzira mawu n'kuwononga mamita kapena masipika.

## Kayendedwe ka tepi

11. Yesani mabuleki ndi kukoka kwa mawilo. Ikani tepi yachabe ija. Ithamangitseni kutsogolo, imitsani. Ibwezeni, imitsani. Chitani zimenezi kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa tepi. Iyenera kuima mosalala, osakhuthuka n'kulendewera, komanso osadzidzimuka ngati iduka. Lamulo lake n'lakuti wilo lomwe likupereka tepi ligwidwe mwamphamvu kuposa lomwe likulandira. Tepi ikakhuthuka, tsukani malamba a buleki ndi ng'oma zake ndi sipiriti musanakhudze sipuling'i. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo.

Pofuna kuyeza, kulungani chingwe pakati pa wilo lopanda tepi, kolani sikelo kunsonga, kokani mofatsa makina atathima, ndipo werengani nambala wilo likuyenda. Buku limanena kukula kwa pakati pa wilo lomwe muyenera kugwiritsa ntchito, chifukwa nambalayo imasintha ndi kukula kwake. Mphamvu ya pinch roller imayezedwa ndi sikelo yomweyo: kolani chingwe pa mtengo wa gudumulo makina akuimba, kokani molunjika kutali ndi capstan, werengani pomwe tepi yasiya kuyenda. Makina ambiri amafuna pakati pa kilogalamu imodzi ndi awiri, koma tsatani nambala ya m'buku lanu. Makina olandira mawilo a mainchesi 7 ndi a 10.5 ali ndi swichi yosankhira kukula kwa wilo. Mukaisiya pa aakulu muli ndi wilo laling'ono, tepi yopyapyala imatamuka.

Tepi ikuyenda, iyang'aneni ndi tochi pa kamzati kalikonse. Isapindike m'mphepete, isakwere kapena kutsika, isakhule m'mbali mwa wilo. Ikamakhula, yambani mwasintha wilo, popeza mawilo opindika ndi ochuluka kuposa makina opendekeka.

12. Yezani liwiro. Njira yabwino ndi tepi yoyezera ya 3,000 kapena 3,150 Hz ndi chowerengera ma Hz. Ngati mulibe, pali njira ya manja yomwe ndimaikonda. Pa liwiro la mainchesi 7.5, lomwe ndi masentimita 19.05 pa sekondi, tepi yotalika mamita 11.43 imadutsa m'masekondi 60 ndendende. Yezani utali umenewu pa tepi yachabe, lembani zizindikiro ziwiri kumsana kwake, ndipo werengani nthawi ndi wotchi. Pa liwiro la mainchesi 3.75, tepi yomweyo itenga masekondi 120. Mukapeza masekondi 61 m'malo mwa 60, bwererani ku lamba, gudumu la labala ndi oyilo. Mukapeza 72, ndi nkhani ija ya 50 Hz.

Mukafika pano, imbani tepi yojambulidwa bwino n'kumvetsera. Ngati mawu ali mbee mbali zonse ziwiri ndipo cholinga chanu n'kungomvera matepi akale, mukhoza kutseka makina. Zotsatirazi n'za amene ali ndi tepi yoyezera.

## Kuchuna mbali yomvetsera

Nthawi zonse mbali yomvetsera imayamba, chifukwa ndi imene mudzayezere mbali yojambulira. Tepi yoyezera igwirizane ndi makina anu pa zinthu zitatu: liwiro, mtundu wa kakonzedwe ka mawu, NAB kapena IEC, ndi mlingo wa maginito, womwe umalembedwa monga 185, 250 kapena 320 nWb/m. Musanaiike, onetsetsani kuti mwatsuka ndi kuchotsa maginito, ndipo maswichi ojambulira ndi otseka. Ine ndimamata kapepala pa batani lojambulira. Sekondi imodzi yolakwitsa ndi yokwanira kuiwononga.

13. Konzani azimuth ya hedi yomvetsera. Azimuth ndi kuima chilili kwa kampata ka hedi poyerekeza ndi njira ya tepi. Hedi iliyonse imakhala ndi ma screw atatu kapena anayi, ndipo imodzi yokha ndi ya azimuth. Enawo ndi a msinkhu ndi kupendekera kutsogolo, omwe anaikidwa ku fakitale ndi zida zapadera. Pezani yoyenera m'buku ndipo enawo musawakhudze.

Lumikizani mbali ya kumanzere ku X ndi ya kumanja ku Y pa oscilloscope. Imbani mawu a 1 kHz, muone mzere wopendekera kumanja pa madigiri 45. Pitani pa 8 kapena 10 kHz. Mzerewo ukatseguka n'kukhala ngati dzira, potokolani screw pang'ono kwambiri mpaka utsekeke. Malizani ndi mawu okwera kwambiri omwe ali pa tepiyo, monga 16 kHz. Opanda oscilloscope aphatikize mbali ziwiri kukhala imodzi n'kufuna pomwe singano yakwera kwambiri.

Chenjezo: mukayambira pa mawu okwera kwambiri, mungagwere pa nsonga yabodza. Pali timalo ting'onoting'ono mbali zonse za malo enieni pomwe mzere umaonekanso wowongoka, koma mawu ndi ofooka. Malo enieni ndi omwe mzere uli wowongoka pa ma kHz onse ndipo mphamvu ili pamwamba. Mukapotokola kupitirira theka la kuzungulira osapeza kanthu, imani, mwina mwagwira screw yolakwika. Mukamaliza, donthezani penti wa zikhadabo pamutu pa screw kuti isasunthe.

14. Ikani mlingo ndi kakonzedwe ka mawu omvetsera. Imbani 1 kHz ya pa mlingo wa tepi yoyezera. Chunani kabatani ka m'kati ka mlingo womvetsera mpaka potulukira mawu pakhale mavoti omwe buku lanena, kenako chunani mita kuti iloze pomwe yauzidwa, kawirikawiri pa 0 VU. Pitani pa 10 kHz n'kuchuna kabatani ka mawu okwera kuti mlingo ufanane ndi wa 1 kHz. Matepi ena oyezera a liwiro lotsika amajambula mawu amenewa 10 dB pansi, werengani pepala lake. Mawu a besi musawachune ndi tepi yoyezera yojambulidwa mulifupi monse, chifukwa hedi ya njira zopyapyala imatola maginito a m'mbali n'kuonetsa besi yochuluka kuposa yeniyeni.

Lembani ndi pensulo pomwe kabatani kalikonse kanali musanakasunthe. Timabatani takaleti timathyoka msanga, choncho kakalimba musakakamize.

## Kuchuna mbali yojambulira

15. Ikani bias molingana ndi tepi yanu. Chotsani tepi yoyezera muisunge, ikani yatsopano ija. Bias ndi magetsi othamanga kwambiri, osamveka ndi khutu, omwe amasakanizidwa ndi mawu pojambula. Tepi ya mtundu uliwonse imafuna mlingo wake. Ikachepa, mawu amakhala akuthwa ndi osweka. Ikachuluka, mawu okwera amazimirira. Sankhani mtundu umodzi wa tepi n'kukhala nawo. Matepi a SM911 ndi LPR35 amagwirizana ndi makina ambiri a pakhomo, pomwe matepi amphamvu kwambiri ngati SM900 amafuna bias yomwe makina ena akale sangakwanitse.

Jambulani 10 kHz pa mlingo wa 20 dB pansi pa 0 VU, swichi yomvetsera ili pa tepi. Tsitsani bias, kenako ikwezeni pang'onopang'ono. Mphamvu ya mawu ikwera, ifika pamwamba, iyamba kutsika. Pitirizani kukweza mpaka itatsika ndi ma dB omwe alembedwa pa pepala la opanga tepiyo pa liwiro limenelo. Anthu ambiri amaima pamwamba penipeni poganiza kuti ndi pabwino, ena amatsikira mbali yolakwika, ya bias yochepa. Kutsika koyenera ndi kobwera chifukwa chowonjezera. Chitani mbali iliyonse payokha, pa liwiro lililonse. Makina a mahedi awiri salola kumvetsera mukujambula, ndiye muzijambula, kubweza, kumvetsera, n'kubwereza. Zimatopetsa koma zimatheka.

16. Malizani ndi azimuth, mlingo ndi kakonzedwe ka hedi yojambulira. Mukujambula 10 kHz, chunani screw ya azimuth ya hedi yojambulira mpaka mzere uja wa madigiri 45 uoneke kudzera m'hedi yomvetsera. Yomvetserayo musaikhudzenso. Ngati azimuth inali kutali, bwerezani bias. Kenako jambulani 1 kHz pa 0 VU n'kuchuna mlingo wojambulira kuti mukasintha swichi pakati pa mawu olowa ndi a pa tepi, singano isasunthe. Tsitsani 20 dB, yerekezani 1 kHz ndi 10 kHz, chunani kabatani ka mawu okwera ojambulira. Pomaliza jambulani nyimbo yomwe makutu anu amaidziwa bwino, makamaka ya piyano kapena gitala, n'kumasintha swichi ija mutatsinzina. Makina ochunidwa bwino pa masentimita 19 amasiyanitsa pang'ono kwambiri, kupatula kaphokoso ka sii chapansipansi.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Chachikulu ndi kuika tepi yodwala pa makina omwe mwangotsuka. Matepi ambiri okhala ndi msana wakuda a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga Ampex 406 ndi 456, amamwa chinyezi ndipo guluu wogwira maginito amafewa. Tepi yotere imalira tswii, imamata pa timizati, imachedwetsa makina mpaka kuwaimitsa, ndipo zomwe zikutsalira pa mahedi ndi nyimbo yeniyeniyo ikusupuka. Mukangomva kulirako imitsani. Ine ndinataya gawo la mawu a munthu amene sangajambulidwenso chifukwa ndinaganiza kuti tepi ingofika kumapeto, ndipo zimandiwawabe. Tepi yotere imachira kwa kanthawi ikaumitsidwa pa kutentha kosasintha kwa madigiri 50 mpaka 54 Celsius kwa maola angapo, n'kusiyidwa kuti izizire yokha. Mukatero koperani mawuwo msanga, chifukwa matendawo amabwerera. Uvuni wophikira ndi microwave sizoyenera. Ndipo tepi yopangidwa ndi pulasitiki ya mtundu wa acetate, yomwe inali yofala m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, siiumitsidwa konse. Muizindikire poyang'anitsa wilo lonse ku kuwala chammbali: acetate imalola kuwala kudutsa, polyester siilola. Fungo la viniga ndi chizindikiro chakuti acetate yayamba kuwonongeka, ndipo iikeni kutali ndi anzake.

China ndi kuchuna hedi pogwiritsa ntchito tepi wamba. Tepi yomwe munajambula pa makina ena imanyamula zolakwika za makinawo. Mukawongolera hedi yanu kwa iyo, matepi ena onse amveka ofunda. Kusuntha azimuth kuti mukopere tepi imodzi yofunika n'kololedwa, bola mukhale ndi tepi yoyezera yobwezeretsera pambuyo pake.

Ena amadandaula kuti akumva nyimbo ina ikuimba chobwerera m'mbuyo pansi pa yomwe akumvera, kapena kuti mbali ya kumanja ndi yofooka. Kawirikawiri makina alibe vuto. Tepi ya njira zinayi, ndiye kuti mizere inayi ya mawu m'mulifupi mwake, yaikidwa pa makina a njira ziwiri, kapena ya ziwiri pa makina a zinayi. Onani mtundu wa mahedi anu musanatsegule chilichonse.

Kuyeza hedi ndi multimeter pa mlingo wa ma ohm kumalowetsa magetsi omwe amasiya maginito m'hedi. Ngati mwakakamizika kutero, gwiritsani demagnetizer tepi isanadutsepo.

Kulumikiza tepi yoduka ndi selotepi wamba kumabweretsa mavuto a m'tsogolo, popeza guluu wake amatuluka m'mbali n'kumata mizere yoyandikana ndi mahedi omwe. Pali tepi yake yolumikizira, ndipo imamatidwa kumsana, osati kumbali ya maginito.

Kusintha ma capacitor onse nthawi imodzi musanamve makina akuimba kumasokoneza. Akakana kugwira ntchito pambuyo pake, simudziwa ngati vuto ndi lakale kapena mwalibweretsa ndinu. Sinthani oopsa aja poyamba, enawo bolodi imodzi imodzi, mukuyesa pakati.

Pomaliza pali kasungidwe. Tepi yobwezedwa mothamanga imakulungika mosalingana, m'mphepete mwake n'kumatuluka ndi kupindika. Isiyeni iimbe mpaka kumapeto pa liwiro lake, muisunge ili pa wilo lolandira, m'bokosi lake, choimirira, kutali ndi chinyezi, dzuwa ndi masipika. Makinawo atsukeni mahedi pakatha maola 10 aliwonse akugwira ntchito, kapena mukangotha kuimba tepi yakale iliyonse, ndipo muziwayendetsa kamodzi pa mwezi kwa theka la ola kuti girizi asaumenso ndi labala asachite dzenje.